Yaduka kapena yadulidwa?

Lamulungu lililonse, mdima ukamayamba kukuta phiri la Dedza, Aphunzitsi ankakhala patebulo la pabalaza, kutsegula laputopu, n'kudikira nkhope ya mdzukulu wawo. Adapuma ntchito zaka zambiri zapitazo, koma anthu a m'deralo sadasiye kuwatchula Aphunzitsi, ndipo iwonso sadasiye kuphunzitsa. Kalasi yawo tsopano idali ya mwana mmodzi, mtsikana wa zaka 6 wobadwira ku Manchester, kumene amayi ake, mwana wachisamba wa Aphunzitsi, amagwira ntchito ya unamwino. Laputopuyo adawasiyira ndi mwana wawoyo atabwera kudzacheza, pamodzi ndi rauta, kabokosi koyera kokhala ndi simukhadi mkati, kamene kamatenga intaneti kunsanja ya kampani ya mafoni n'kuimwaza m'nyumba popanda waya. Foni adali nayo, koma maso awo ankafuna galasi lalikulu.

Mwanayo Chichewa ankachimva, koma pochilankhula ankayenda ngati wowoloka mtsinje pamiyala yoterera: liwu limodzi, n'kuima, n'kuyang'ana amayi ake. Kusukulu, pakanema ndi pamasewera zonse zinkachitika m'Chingerezi. Amayi ake ankafika kunyumba atatheratu, ndipo mayi wotopa amalankhula chinenero chomwe mwana angamve msanga. Choncho ola la Lamulungu lija ndilo lidali dimba lokhalo lomwe Chichewa cha mwanayo chinkamerapo. Aphunzitsi adadziwa zimenezi, ndipo sadafune kuliwononga ndi mafunso a m'kalasi. Adasankha nthano.

Lamulo la nthano adalikhazikitsa tsiku loyamba. Iwo akati, "Padangokhala," mwanayo ayankhe kuti, "Tili tonse," ndipo azitero pakutha pa chiganizo chilichonse. Akasiya, nthano nayonso iima. Mtsikanayo adalikonda lamuloli chifukwa lidampatsa mphamvu pa agogo ake. Nthawi zina ankachedwa dala kuyankha, akumwetulira, kuti aone nkhalamba ikudikira. Mawu awiriwo ndiwo adali oyamba kuwatchula popanda kuyang'ana amayi ake.

Vuto lidayamba m'mwezi wa Juni, nyengo yomwe kuzizira kwa ku Dedza kumalowa mpaka m'mafupa. Tsikulo nthano idali ya Kalulu amene adakana kukumba nawo chitsime. Atafika pamene Fulu adadzipereka kukalondera madzi, Aphunzitsi adaima kudikira yankho. Yankho silidabwere. Nkhope ya mwanayo idangouma pagalasi, kukamwa kuli yasa, dzanja lili m'mwamba. Patapita kanthawi chithunzi chidabwerera, adaseka onse, nthano n'kupitirira. Idadukanso. Kachitatu chithunzi chitabwerera, pampando panalibe munthu, ndipo kutali kunkamveka mawu a kanema. Lamulungu lotsatira zidachitika chimodzimodzi, ndipo Fulu sadafike pachitsime.

M'kati mwa sabata mwana wawo adatumiza uthenga wa mawu. "Ababa, musakhumudwe, koma mdzukulu wanu akuti mumadula dala mukatopa naye. Ndamufotokozera kuti ndi netiweki, koma sakumva. Akuti Lamulungu likubwerali akufuna apite kwa mnzake." Aphunzitsi adaumvetsera uthengawo kawiri. Munthu wamkulu intaneti ikavuta amadandaula n'kudikira. Mwana wa zaka 6 sadikira, amangophunzira kuti pakhomo paja anthu amatseka chitseko akulankhula nawe, ndipo amasiya kupitako.

Usiku womwewo adaimbira mphwawo, mwana wa mlongo wawo, yemwe amasamalira makompyuta pa ofesi ina ku Lilongwe. Mnyamatayo adamvetsera mpaka adamaliza, kenako adafunsa kuti, "Malume, tiyambe ndi mawu. Yaduka, kapena imadukaduka?"

"Iwe, wayamba liti kundiphunzitsa Chichewa?"

"Sindingayerekeze, malume. Koma ikakhala kuti yaduka, ntchito ndi yochepa, chifukwa chinthu chakufa sichithawa. Chovuta ndi chomwe chimafa n'kudzuka. Chili ngati mwana amene wabuula usiku wonse, koma pofika pakhomo la chipatala wayamba kusewera."

Funso la mnyamatayo lidali la nzeru, ndipo mneni amene adagwiritsa ntchito ngwoyenera kumuyang'anitsitsa. Chichewa chili ndi aneni oyenda awiriawiri: kudula ndi kuduka, kutsegula ndi kutseguka, kumasula ndi kumasuka, kugumula ndi kugumuka. Woyamba amafuna wochita, wachiwiri amangonena mmene chinthu chakhalira. Palinso njira yachitatu, ya kudulidwa. Munthu akati chingwe chadulidwa, wavomereza kuti pali dzanja lomwe lachita zimenezo ngakhale sadalitchule, ndipo angathe kuwonjezera kuti chadulidwa ndi mwana, kapena chadulidwa dala. Koma sanganene kuti chingwe chaduka dala, khutu limakana. Mabuku a kusukulu amautcha msintho umenewu wam'chibisira, dzina lomwe Aphunzitsi adalilemba pabolodi kosawerengeka. Akatswiri a zinenero adaufufuzanso mozama: Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango adalemba za kusiyana kwa misintho iwiriyi mu 1996, ndipo Sam Mchombo adaifotokoza m'buku lake la kalembedwe ka ziganizo za Chichewa la mu 2004.

Pa nkhani ya intaneti, olankhula Chichewa amakonda msintho wam'chibisirawu. Netiweki yaduka, foni yawonongeka, mayunitsi atha. Ndi mawu aulemu, osaloza munthu chala, ndipo m'mudzi momwe anthu ayenera kukhalirana mawa ndi mkuja, ulemu woterewu umasunga mtendere. Koma mawu omwewo amathanso kumanga munthu manja, chifukwa chomwe changoduka chokha sichifufuzidwa, chimangodikiridwa. Kubwereza tsinde kuja, kudukaduka, pamodzi ndi kachilembo ka -ma- konena chizolowezi, kumasintha nkhani. Chinthu chomwe chimadukaduka chili ndi nthawi zake, ndipo chomwe chili ndi nthawi zake chili ndi chochititsa.

Oloza chala sadasowe. Mkulu wina wa kutchalitchi adati ndi chifunga cha paphiri. Mayi wogulitsa mayunitsi adati makampani onse amatero kuti anthu azigula mabandulo pafupipafupi. Wina adanong'oneza kuti anyamata a nyumba yoyandikana adaba pasiwedi. Onsewa adalumpha kuchoka pa yaduka kukafika pa yadulidwa ndi uje, popanda umboni pakati. Aphunzitsi nawonso adatengeka. Adagula bandulo yatsopano yakale isadathe. Kenako, pomvera malangizo a mnansi, adatenga phini n'kubaya kabowo ka kumbuyo kwa rauta, kamene kamaibwezera mmene idachokera kufakitale. Rautayo idaiwala dzina ndi pasiwedi zomwe mwana wawo adaikamo, ndipo adakhala tsiku lathunthu opanda intaneti mpaka mphwawo adawauza kuti awerenge kapepala komatidwa kunsi kwake.

"Malume," adatero mnyamatayo mofatsa, "mukasintha zinthu zitatu tsiku limodzi, vuto likatha simudziwa chomwe chathandiza, likapitirira simudziwa chomwe mwaonongeratu. Tizisintha chimodzi, n'kudikira, n'kulemba."

Kenako adawafotokozera za ulendo womwe mawu awo amayenda. Ulendowo uli ndi zigawo zitatu, monga wa munthu wochoka ku Dedza kupita kunja. Choyamba ndi kanjira kochoka pakhomo kukafika pasiteji, ndiko kuchoka pa laputopu kukafika pa rauta, ndipo chigawo chimenechi chokha ndicho chimatchedwa WiFi. Chachiwiri ndi msewu wa M1 wopita ku Lilongwe, ndiko kuchoka pa rauta kukafika pansanja ya kampani. Chachitatu ndi ulendo wa pandege, kuchoka pansanja kudutsa m'zingwe za pamtunda ndi za pansi pa nyanja mpaka ku Manchester. Timizere topindika ta pakona ya galasi timangonena za kanjira koyamba kaja. Tingadzaze tonse pamene msewu waukulu watsekeka, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ntchito yoyamba, tsono, idali kudziwa chigawo chomwe mawuwo ankagwera.

Apa m'pamene Aphunzitsi adapeza pogwira. Adatulutsa kope latsopano, n'kulemba mizere ndi rula monga ankachitira ndi kaundula wa kalasi: tsiku, nthawi, magetsi alipo kapena ayi, kunja kuli bwanji, yakhala mphindi zingati isadabwerere. Munthu amene adaitana maina m'mawa uliwonse kwa moyo wake wonse amadziwa kuti mwana wojomba sadziwika tsiku limodzi. Amadziwika pakutha pa mwezi, pamene zizindikiro zonse zapezeka kuti zikugwera pa tsiku la msika.

Mphwawo adawaphunzitsanso chida chimodzi, ndipo adachita kuwatchulira chilembo chimodzichimodzi pafoni. Atsegule kawindo kakuda ka Command Prompt, alembe liwu loti ping, kenako -t, kenako nambala ya rauta yomwe ili pakapepala kaja, yomwe pamarauta ambiri imayamba ndi 192.168. Atsegulenso kawindo kena, alembe chimodzimodzi, koma nambala ikhale 8.8.8.8, yomwe ndi ya kompyuta ya Google kutali kunja kwa nyumba. M'mawindo onse awiri mudayamba kutsika mizere, umodzi pa sekondi iliyonse.

"Tsono zikutanthauzanji zimenezi?"

"Laputopu ikuitana, malume, ndipo inzake ikuvomera. Mzere uliwonse woyamba ndi Reply ndi kuvomera. Mukaona Request timed out, ndiye kuti yaitana koma kwangoti zii."

Aphunzitsi adakhala chete akuyang'ana mizereyo, kenako adaseka kuseka kwawo koyamba m'masabata atatu. "Ndiye kuti makinawa akuti tili tonse."

Sadalakwitse. Omwe adayambitsa mwambo wa nthano adadziwa kuti wolankhula mumdima sangaone ngati omvera akadali maso, choncho adapempha kayankho kakafupi kobwerezabwereza, kopanda nkhani ina iliyonse koma yoti njira ikadali yotseguka. Opanga makompyuta adakumana ndi mdima womwewo ndipo adapeza mankhwala omwewo. Kuwerenga mawindo awiri aja kudali kosavuta. Kawindo ka Google kakasiya kuvomera koma ka rauta kakupitirira, vuto lili kunja kwa nyumba, pansanja kapena kupitirira apo. Onse awiri akasiya limodzi, vuto lili m'nyumba, chifukwa nsanja ya kampani ilibe mphamvu yoletsa laputopu kulankhula ndi kabokosi komwe kali m'chipinda chomwecho.

Lamulungu lotsatira, amayi ake atamunyengerera, mwanayo adakhala pampando. Nthano itaduka, Aphunzitsi sadadandaule, adathamangira kumawindo akuda aja. Onse awiri adali atasiya kuvomera. Adalemba m'kope, ndipo ndi mzere umodzi umenewo chifunga chidamasulidwa pamlandu, kampani nayonso. Kopelo lidaonetsa kuti madzulo mayankho a kutali ankachedwa kuposa m'mawa, zomwe zimachitika anthu ambiri akaunjikana pansanja imodzi, koma kuchedwa si kuduka.

Oganiziridwa adatsala awiri, rauta ndi laputopu. Rautayo inkakhala m'kabati ya magalasi, kuseri kwa mbale zadothi za alendo, itafunditsidwa kansalu koluka kuti isadetsedwe ndi fumbi. Mphwawo atamva zimenezi adapuma mozama. WiFi ndi wailesi, adatero, ndipo imayenda pamafunde a 2.4 GHz kapena 5 GHz. Mafunde a 5 GHz amanyamula zambiri koma safika patali ndipo makoma amawafooketsa msanga, pamene a 2.4 GHz amapita patali koma ali ndi anzawo ambiri opikisana nawo, monga zida za Bluetooth ndi ma microwave. Chitsulo chimawabweza, madzi amawamwa, khoma la njerwa limawadya. Kuwonjezera apo, rauta yofunditsidwa imatentha, ndipo ikatentha imatha kudzizimitsa n'kuyakanso. Adaitulutsa, n'kuiika pamwamba pa shelefu pafupi ndi zenera, popanda chofunda. Sabata imeneyo kuduka kudachepa. Sikudathe.

Kenako adayesa za batire. Windows ili ndi chizolowezi chozimitsa kachipangizo ka WiFi pofuna kusunga moto, makamaka laputopu ikachotsedwa kumagetsi. Mnyamatayo adawatsogolera kulowa mu Device Manager, pansi pa Network adapters, mpaka patsamba la Power Management, pomwe adachotsa kachizindikiro kolola kompyuta kuchita zimenezo. Kwa anthu ambiri vuto limathera pamenepa. Kwa Aphunzitsi silidasinthe, ndipo adalemba m'kope mwachilungamo kuti palibe kusintha. Adatsitsanso pulogalamu yatsopano yoyendetsa kachipangizoko. Palibe kusintha.

Chomwe chidasiyanitsa oganiziridwa awiriwo idali foni ya mtsikana wa Fomu 3 wa nyumba yoyandikana, yomweyo ya anyamata onamiziridwa kuba pasiwedi. Adailumikiza ku WiFi yomweyo, n'kuiika pambali pa laputopu ikuimba wailesi ya pa intaneti. Laputopu itasiya kuvomera, foniyo idapitiriza kuimba osadodoma. Mtsikanayo adaonanso china chomwe Aphunzitsi sakadachiona, popeza pocheza ndi mdzukulu chithunzi chinkadzaza galasi lonse: patebulo lomwelo foni idali ndi timizere tonse, laputopu tiwiri tokha. Rauta idamasulidwa. Wolakwa adali patebulo.

Koma chimodzi sichinkamveka. M'mawa uliwonse Aphunzitsi ankawerenga nyuzi pa laputopu yomweyo kwa ola lathunthu, ndipo m'kope mudalibe kuduka ngakhale kumodzi kwa m'mawa. Matenda ake adali a Lamulungu. Mphwawo adapempha kuti awonjezere mzere wina m'kaundula, wonena zomwe zinkachitika pa mphindi yeniyeniyo. Malamulungu awiri adadutsa, ndipo lachiwirilo mwanayo adangokhala mphindi 20. Usiku umenewo Aphunzitsi adawerenga mzere watsopanowo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Amandionetsa chithunzi cha Fulu chomwe wajambula. Amandionetsa dzino logwedera. Wasendeza nkhope pafupi kuti andinong'oneze. Amandionetsa nsapato zatsopano.

Adavula magalasi awo n'kuwayang'ana. Adali a zigawo ziwiri, chapamwamba choonera patali, chapansi choonera pafupi. Powerenga nyuzi ankakulitsa zilembo n'kukhala tsonga osakhudza kanthu. Koma mwana akabweretsa kanthu kakang'ono pafupi ndi kamera, iwo ankasendera kutsogolo, n'kukankhira chivindikiro cha laputopu kumbuyo kuti aone kudzera m'chigawo chapansi. Ankachita zimenezi osaganiza, monga munthu amaweramira mwana amene akumulankhula.

Adatsegula kawindo kakuda, n'kulemba ping. Mizere idayamba kutsika. Adaika chala pamwamba pa chivindikiro n'kukankha pang'onopang'ono. Chitadutsa penapake, kuvomera kudasiya. Adachikokera kutsogolo, kudabwerera. Adabwereza kasanu, ndipo kasanu konse zidachitika chimodzimodzi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sadanene kuti nthawi zina nkhonoyo ikatulutsa maso imayang'ana iwe amene.

Ngakhale udali usiku, adaimba foni. Mphwawo adazindikira asadamalize kufotokoza. Pamalaputopu ambiri, adatero, kachipangizo ka WiFi kali pansi pa mabatani, koma tinyanga take togwira mafunde tili m'chivindikiro, m'mphepete mwa galasi, chifukwa pamwamba m'pamene pamamveka bwino. Zolumikiza ziwirizi ndi timawaya tiwiri toonda ngati ulusi, kawirikawiri kakuda ndi koyera, ndipo tilibe njira ina yodutsa koma pamahinjesi, pomwe chivindikiro chimapindikira. Laputopu yomwe yatsegulidwa ndi kutsekedwa kwa zaka zambiri imatha kutipana timawayato mpaka kutiperepesa. Pamakhala poimira pena pomwe timagundana bwino, ndi pena pomwe timalekana.

Aphunzitsi atatseka foni adakhala nthawi yaitali pabalaza. Kwa miyezi iwiri adakhala akunena kuti yaduka, ndipo ena onse adati yadulidwa ndi chifunga, ndi kampani, ndi akuba. Munthu mmodzi yekha ndiye adaloza dzanja lenileni, ndipo adali mwana wa zaka 6 amene Chichewa chake n'cha pamiyala yoterera. Adalakwitsa liwu limodzi lokha, loti dala. Dzanja lidali la agogo ake, koma linkadula pa mphindi yomwe iwo ankafunitsitsa kumuona bwino. Chinenero chili ndi malo a zoterezi: munthu angathe kukhala wochita popanda kukhala wofuna, ndipo pakati pa yaduka ndi mwadula dala pali kachiganizo kena kovuta kukatchula, koti ndadula mosadziwa.

Loweruka mphwawo adakwera minibasi. Adamasula tizomangira, n'kutsegula chophimba mahinjesi, ndipo adapeza kawaya kakuda katang'ambika khungu, koyera nakonso katapanika. Njira zidalipo zitatu: kugula timawaya tina n'kupasula chivindikiro chonse, kugula kachipangizo ka WiFi kolowetsa pa USB kakang'ono ngati chala, kapena kusiya mafunde n'kulumikiza laputopu ku rauta ndi chingwe, popeza zonse ziwiri zidali ndi polowetsa pake. Mnyamatayo adali atabwera nacho chingwecho m'chikwama, cha mamita 5. Adachiyendetsa m'mbali mwa khoma, n'kuchikhomerera ndi timisomali topinda kuti malume ake asakodwe nacho. Kenako adakankhira chivindikiro kumbuyo mpaka pomwe chimathera. Mizere idapitiriza kutsika.

"Ndiye kuti intaneti yopanda waya yachira ndi waya," adatero Aphunzitsi.

"Ya patebulo pano, malume. Laputopu yomwe siichoka pamalo amodzi ilibe chifukwa chovutikira ndi mafunde."

Si nyumba iliyonse yomwe idzapeze vuto lake pamahinjesi. M'nyumba zosanjikizana za ku Johannesburg, kapena m'mapuloti othithikana a ku Lilongwe ndi ku Lusaka, kawirikawiri chovuta chimakhala kuchuluka kwa marauta olankhula nthawi imodzi, ndipo mankhwala ake ndi kusamukira ku 5 GHz kapena kusankha tchanelo 1, 6 kapena 11, zomwe sizilowerana pamafunde a 2.4 GHz. Kwina chovuta ndi chaja ya rauta yomwe yafooka, kwina ndi denga la malata pakati pa nyumba yaikulu ndi ya kuseri, kwina n'kampanidi. Chomwe chingasamuke kuchoka patebulo la ku Dedza kupita kwina kulikonse ndi kachitidwe kake: kugawa ulendo m'zigawo, kufunsa chigawo chilichonse ngati chikuvomera, kuyesa ndi chipangizo chachiwiri, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi, ndi kulemba zomwe zachitika m'malo mwa zomwe mtima ukuganiza. Ndipo pamndandanda wa oganiziridwa, mwini nyumba asaiwale kulembapo dzina lake.

Lamulungu lotsatira, nthano isadayambe, Aphunzitsi adapempha kulankhula kaye. Adafotokoza m'Chichewa chapang'onopang'ono, amayi ake akuthandiza apa ndi apo. Adamuonetsa magalasi, adamuonetsa chivindikiro, adamuonetsa chingwe chatsopano. "Udanena zoona, mdzukulu wanga. Ndinkadula ndine. Koma sindinkadula dala. Ndinkafuna kuona dzino lako." Mwanayo adaganiza kaye, kenako adatsegula pakamwa n'kusendera pafupi ndi kamera. Dzino lija lidali litachoka, padatsala mpata. Agogo ake adakankhira chivindikiro kumbuyo, n'kuuyang'anitsitsa mpatawo mpaka adakhutira.

Madzulo amenewo Fulu adafika pachitsime, Kalulu adagwidwa, ndipo mwanayo adavomera chiganizo chilichonse mpaka kumapeto. Aphunzitsi adamuphunzitsa kutseka kwake: iwo akati, "Kaphuleni mbatata," iye ayankhe kuti, "Yapserera." Adafunsa kuti kupserera n'kutani, ndipo yankho lake lidatenga mphindi 10, chifukwa padafunika kufotokoza za phulusa, za moto wa madzulo, ndi za agogo ake aakazi amene sadawaone, omwe ankakwirira mbatata nthano isadayambe.

Mavuto onse sadathe. Magetsi akazima rauta imazimanso, ndipo madzulo ena mawu amafika mochedwa moti awiriwo amalankhula modutsana. Kope lija likadali patebulo, ndipo masamba ake akudzaza pang'onopang'ono. Koma tsiku lina mu Ogasiti, magetsi atazima pakati pa nthano n'kuyakanso patapita mphindi zingapo, Aphunzitsi adapeza mwanayo akadali pampando, atagwira chibwano. Sadayang'ane amayi ake.

"Agogo," adafunsa, "mwadula kapena yaduka?"

"Yaduka, mdzukulu wanga."

"Chabwino. Tili tonse."